Nsato yolankhula ndaivomera, koma mkamwini uja ayi

Buku lanthano limeneli ndalipatsa nyenyezi zitatu, ndipo yachitatuyo ndapereka monyinyirika.

K15,000 ija ndinatumiza msanga, koma buku linachita kufika ine nditataya kale mtima, chikuto chitapindika, masamba ena atamatidwa mozondoka. Mnyamata wogulitsayo ukamuimbira amangoti "bwana, lili m'njira", kenaka foni osayankhanso. Ameneyo ndathana naye.

Chandipsetsa mtima kwenikweni ndi mutu wachinayi. Nkhaniyi ikuchitika m'nthawi ya Amaravi, Kalonga ali ku Mankhamba, Makewana akupempha mvula ku Msinja. Zoti nsato ikulankhula, zoti mtsikana akuyenda pansi pa dziwe osanyowa, ndilibe nazo vuto, ndi nthano. Koma taonani mkamwini akulowa m'nyumba ya apongozi ake aakazi osaodira, kukhala nawo pamphasa imodzi, kupisa dzanja m'mbale yomweyo, kuwatchula dzina, "iwe" ali pakamwa! Mudzi wake uti umenewo? Kwathu mkamwini akaona apongozi akubwera amapatuka, zolankhulana zimadzera mwa wina. Ndiye ukwati wa mtsikanayo akuumanga bambo ake okha, ankhoswe kulibe, atsibweni sakuoneka n'komwe, chonsecho awa ndi Achewa, kumene mwinimbumba ndi mlongo wa amayi. Kubwalo nako mnyamata akungodzuka n'kuyankha Kalonga maso ali gwa, osaomba m'manja, osadzera kwa nduna. Mfumu, kapolo, gogo, mwana, onse pakamwa pamodzi, ngati mafilimu omasulira aja a m'vidiyo sho. Mizimu ndinaikhulupirira, anthuwo ndiye ayi.

Mkwiyo unayamba kuphwa nditafika pa mutu wa maliro. Apo mlembiyu anatchera khutu kwa anthu ake. Adzukulu akukumba manda uku akuseleulana, amayi m'nyumba ya siwa akuimba motsitsa, wopereka uthenga akuzungulira osanena poyera kuti watsogola ndani. Mzimu utabwera kudzafunsa chuma chake, gogo wina sakuukanira, akungouyankha ndi miyambi mpaka mzimuwo kuchita manyazi. Ndinaseka ndekha m'minibasi. Nsima yawonso ndi ya mapira ndi mawere, sanangothiramo chimanga poti ndicho tikudya lero.

Ndiye munthu wodziwa mwambo chonchi, mutu wachinayi uja anaulemba ali mtulo? Gawo lachiwiri likatuluka ndigula ndithu, koma m'sitolo, nditayamba ndavundukula masamba onse.