PlantUML: miyezi 8 ndikujambula ndi kiyibodi

M'gulu lathu tilimo anthu anayi. Awiri amalemba mapulogalamu a kompyuta m'chilankhulo cha Java, wina cha Python, ine ndimangolumphalumpha pakati pawo. Chimene chinkativuta kwambiri ndi kumvana pa za ma class, zigawo za khodi zofotokoza mtundu wa chinthu. Wina akati "class iyi ili pansi pa iyo", mnzake ankamva kuti inatengera kwa iyo, pomwe mwini mawu ankatanthauza kuti ndi chiwalo chake. Tinkajambula pa bolodi n'kutola chithunzi ndi foni, koma pakangotha masabata awiri chithunzicho chinkayamba kunama chifukwa khodi yasintha kale.

Ndiye tinayamba kugwiritsa ntchito PlantUML, pulogalamu yojambulira zithunzi zoterezi. Pa PlantUML simukoka mabokosi ndi mausi. Mumalemba mawu m'fayilo wamba, kuyambira pa @startuml kukatsekera pa @enduml, pulogalamuyo n'kukujambulirani yokha. Mukalemba Galimoto <|-- Lole, umatuluka muvi wa mutu wopanda kanthu m'kati, kusonyeza kuti Lole yatengera za Galimoto. Mukalemba Galimoto *-- Injini, pamatuluka kadayamondi kakuda, kutanthauza kuti injiniyo ndi chiwalo cha galimoto. Mkangano wathu wa "pansi" uja unathera pa zizindikiro ziwirizi, tsiku loyamba lomwelo.

Zizindikirozi ndi za UML, njira yovomerezeka yojambulira kapangidwe ka mapulogalamu, ndipo mbiri yake inandiseketsa chifukwa ndi yathu yomweyi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 katswiri aliyense anali ndi kajambulidwe kake. Grady Booch ankajambula class ngati mtambo, James Rumbaugh ngati bokosi, Ivar Jacobson n'kubwera ndi ma use case, ofotokoza mmene munthu amagwiritsira ntchito pulogalamu. Atatuwa anakumana ku kampani ya Rational Software n'kuphatikiza njira zawo, ndipo bungwe loona za miyezo ya mapulogalamu la OMG linavomereza UML mu 1997. Masiku ano ili ndi mitundu 14 ya zojambula. Ife timagwiritsa ntchito iwiri basi, ya class ndi ya sequence (yosonyeza ndondomeko ya mauthenga pakati pa zigawo za pulogalamu), ndipo sitinasowepo kanthu.

Chimene chandigwira mtima zedi n'chakuti chojambulacho ndi mawu, choncho chimakhala pafupi ndi khodi mu Git, chida chosunga mbiri ya kusintha kwa mafayilo. Mnzanga akasintha ubale wa ma class awiri, ndimaona mzere weniweni umene wasintha, ndipo ndikhoza kumufunsa tisanaphatikize. Tsiku lina wa Python uja anajambula class yotengera kwa makolo awiri. Ku Python zimenezo n'zololedwa, koma Java imalola kholo limodzi lokha, zinazo ziyenera kukhala ma interface, amene amangotchula zimene class iyenera kuchita. Tinazigwira pa chithunzi, munthu asanalembe mzere ngakhale umodzi wa Java. Mu VS Code, pulogalamu imene ndimalemberamo khodi, ndimangodina Alt ndi D chithunzi n'kuoneka pambali, ndipo pochitumiza kwa ena ndimachitulutsa ngati PNG kapena SVG.

Dziwiranitu kuti malo a mabokosi simusankha inu. Ine, pokhala munthu wokonda kuti zinthu ziime pamzere, ndinataya madzulo athunthu ndikulimbana ndi muvi umodzi kuti upite kumanja. Kulakwa kunali kwanga: ndinathira ma class oposa makumi atatu pa chithunzi chimodzi. Nditachigawa patatu, chilichonse chinakhala pamalo pake. Kuti muyendetse PlantUML pa kompyuta yanu pamafunika Java, ndipo zojambula za class kawirikawiri zimadalira Graphviz, pulogalamu yoyala mabokosi ndi mivi, ndiye ikanitu zonse ziwiri musanayambe.

Ngati mukufuna zithunzi zokongola zokaonetsa akuluakulu pamsonkhano, funani chida china chokoka ndi mausi. Ife bolodi lija tinalifufuta, pano timangolembapo mayina a amene sanamalize ntchito yake.