Injini ya 1KR-FE mu Vitz yanga ya 2008, patatha zaka zinayi

Galimotoyi inachokera ku Japan kudzera ku Dar es Salaam, itayenda kale makilomita oposa 90,000. Injini yake ndi 1KR-FE, ya 1.0, yosakwana 1,000cc, ya masilinda atatu ndi mavavu 12, mphamvu zake pafupifupi 70 horsepower. Ndi yomweyi imene mumaipeza mu Passo zambiri. Giya yanga ndi ya CVT, mtundu wa giya yodzisintha yokha.

Ndimaikonda chifukwa cha mafuta. Thanki yake ndi ya malita 42, ndipo ndikathira yodzadza ndimayenda sabata ziwiri mu Lilongwe muno, kupita kuntchito ndi kukatenga ana kusukulu. Nthawi ya mizere ya petulo ija, malita asanu okha amandifikitsa patali ndithu.

Koma imanjenjemera. Mukaima pa maloboti giya ili pa D, chiwongolero chimachita kugwedezeka m'manja. Ndinkaganiza kuti yadwala, makaniko wanga anandiuza kuti injini ya masilinda atatu ndi mmene imakhalira, kungoti ma mounting (malabala amene injini imakhalirapo) akatha kunjenjemerako kumanyanya. Tinasintha awiri, tinatsukanso throttle (polowera mpweya mu injini) imene inali yakuda bii ndi mwaye, kunachepa kwambiri.

Chimene chinandiopsa ndi water pump, pampu yoyendetsa madzi oziziritsa injini. Madzi m'kabotolo ankatsika pang'onopang'ono, pansi osaona dontho. Tsiku lina ndinaona zoyera zofiirira zitauma m'mbali mwa pampuyo. Ndikanachedwa zikanavuta, poti injiniyi ndi ya aluminiyamu, ikatentha kwambiri head (mutu wa injini) imapindika. Chonde muziyang'ana madzi m'mawa sabata iliyonse, ndipo muzithira coolant, osati madzi a pampopi.

Koilo imodzi, kachipangizo kopereka moto ku pulagi ya silinda, inapsanso. Poti masilinda ndi atatu okha, imodzi ikafa galimoto imangotsala pang'ono kuima, nyali ya check engine n'kuyaka. Koilo yotchipa imene ndinagula koyamba sinathe ngakhale miyezi iwiri. Yakale yochotsa m'galimoto ina ndi imene ndikuyendera mpaka lero.

Ilibe lamba wa timing, ili ndi tcheni, ndiye palibe zosintha pafupipafupi. Tcheniyo imafuna oyilo woyera. Ine ndimasintha pa makilomita 5,000 aliwonse, amalowa malita pafupifupi atatu, ndipo sindinamvepo phokoso la tcheni m'mawa. Panopa yayamba kudyako oyilo pang'ono, zoyembekezeka pa msinkhu wakewu.

Pa zitunda ndi pamene imavutika. Tinakwera Khwekhwerere kuchokera ku Golomoti tili anthu anayi ndi thumba la mpunga, ndinachita kuzimitsa AC, injini ikulira momvetsa chisoni, koma inatifikitsa ku Dedza osatentha. Ngati mumanyamula katundu kawirikawiri kapena kwanu n'kumapiri, funani ya 1.3. Ya m'tauni, ine ndingaigulenso mawa lomwe, bola ndiyambe ndasuzumira pa water pump ndisanapereke ndalama.