Mwera wa ku Cape Town ndi kamera yoona mbali zonse

Abale anga amene mwakhala mukufunsa za ntchito imene ndikugwira kuno ku Cape Town, ndaona kuti ndi bwino ndikufotokozereni mwatsatanetsatane. Ndili pa sukulu ina yophunzitsa masewera a kiteboarding pa gombe la Bloubergstrand, pomwe phiri la Table Mountain limaonekera kutsidya kwa madzi. Wosewera amaima pa kathabwa, n'kumakokedwa ndi kaiti yaikulu imene imalumikizidwa ku lamba wa m'chiuno mwake ndi zingwe zotalika mamita oposa 20. Kwathu ku Nkhotakota mwera ukayamba asodzi amakokera mabwato kumtunda, koma kuno mphepo yochokera kumwera chakum'mawa, imene eni dera amaitcha Cape Doctor, ndiyo imadzaza gombe kuyambira Novembala mpaka Malichi, ndipo ena amachita kuchokera ku Germany ndi ku Netherlands poitsatira.

Ndinayamba ndi kupopa makaiti ndi kuchapa zovala zolowera m'madzi, mpaka tsiku lina abwana anandipatsa kamera ya Insta360 X3 kuti ndizijambula makasitomala. Kamerayi ili ndi maso awiri otukuka, lina kutsogolo lina kumbuyo, ndipo lililonse limaona kupitirira pang'ono theka la malo onse oizungulira. Zithunzi ziwirizo zimalumikizidwa kukhala chimodzi, moti ndodo imene kamera yakhalapo imazimiririka pa msokopo. N'chifukwa chake sipafunika munthu woloza kamera kumene wosewera akupita.

Funso lalikulu limakhala la pomangirira. Pa chisoti imaonetsa mafunde ndi kaiti bwino, koma mwini wake saoneka, chonsecho iyeyo ndiye walipira. Ine ndimakonda kuimangirira pa zingwe zapakati za kaiti, pamwamba pa mutu wa wosewera, chifukwa akalumpha mumamuona yense, nyanja ili pansi pake ndipo phiri lili kumbuyo, ngati kuti wojambulayo akuuluka naye limodzi. Komabe wongoyamba kumene sindimumangirira pamenepo ngakhale atachonderera, pakuti kaiti ikagwa kamera imatha kukola zingwe, ndipo palibe chimene chiyenera kutchinga chomasulira chimene munthu amadzipulumutsira nacho mphepo ikamuposa mphamvu.

Chimene chinandiphunzitsa kwambiri ndi mchenga. M'sabata zoyamba ndinapukuta diso la kamera ndi malaya anga osadziwa kuti panali timchenga, ndipo kamzere kamene kanatsala kanaoneka pa kanema aliyense mpaka disolo linasinthidwa. Zinandipweteka mtima chifukwa abwana anali atandikhulupirira. Kuyambira pamenepo ndimayamba ndaitsuka ndi madzi opanda mchere, kenako n'kuipukuta ndi kansalu kake kofewa. Ndisanaipereke ndimaonetsetsa kuti chitseko cha batire chatsekeka, ndimaimanganso ndi kachingwe kachiwiri kuti chogwirira chikathyoka isamire. Dontho limodzi la madzi likakhala pa diso limaononga kulumpha kwabwino kwa tsiku lonse, ndiye ambiri amanyambita disolo asanalowe m'madzi kuti madzi azingoyenderera.

Ntchito yeniyeni imayamba madzulo pa kompyuta. Popeza kamera yajambula mbali zonse, ndine amene ndimasankha kumene woonera ayang'ane pa sekondi iliyonse, kaya ndi nkhope ya wosewera, kathabwa kapena dzuwa likulowa cha ku Robben Island. Makasitomala ambiri amafuna kuoneka ngati akatswiri a mpikisano wa Red Bull King of the Air, umene wakhala ukuchitikira ku Cape Town kuyambira 2013, koma kanema amene ndimamunyadira ndi wa mayi wina wachikulire amene anaima pa kathabwa koyamba patatha masiku asanu akungogwa. Ndinatembenuzira chithunzi ku nkhope yawo nthawi imene anazindikira kuti akuyenda, ndipo atauona anapempha kuti ndiubwereze katatu asanautumize kwa adzukulu awo.