Ulendo wa basi wa ku Harpers Ferry: nyenyezi zitatu, ndipo zonse ndi za mayi aja

Madola 95 aja ndinalipira osanyinyirika, chifukwa pakapepala ka kampani yokonza ulendowu analemba kuti ulendo wa ku tawuni ya Harpers Ferry ufotokoza mmene nkhani ya ukapolo inagawanitsira dziko la America nkhondo yapachiweniweni isanabuke. Basi inanyamuka mochedwa mu Washington, chakudya chamasana chinali kasangweji kozizira ndi botolo la madzi. Zimenezo ndikanakhululuka. Chandilembetsa ndemangayi ndi bambo amene anatipatsa kuti azitifotokozera m'njira.

Tisanapite n'komwe patali, bamboyo anatenga maikolofoni n'kutiuza kuti tisamamvere zoti nkhondo ija inali ya ukapolo. Akuti chinavuta ndi misonkho komanso ufulu woti chigawo chilichonse chizidzilamulira chokha, ukapolo anangoulowetsamo pambuyo pake. Ananena zimenezi akumwetulira, m'basi mmene munali agogo achikuda atabwera ndi zidzukulu zawo.

Ndinakweza dzanja. Ndinati bambo, ngati a zigawo zakumwera, kumene kunali ukapolo, ankakonda chonchi ufulu wa zigawo, nanga bwanji mu 1850 anaumiriza boma lalikulu kuika lamulo lokakamiza anthu a ku Massachusetts ndi ku Ohio kuthandiza kugwira akapolo othawa? Lamulo limenelo silinkalola wogwidwayo kudziyankhira pamlandu wake, ndipo woweruza ankalandira madola 10 akamupereka kwa womuti ndi wake, koma madola 5 okha akamumasula. Mu 1854 asilikali a boma anaperekeza Anthony Burns m'misewu ya Boston mpaka kudoko kuti abwerere ku ukapolo ku Virginia, eni mzinda akukuwa mokwiya m'mbali mwa msewu. Ufulu wa Massachusetts unali kuti tsiku limenelo? Bamboyo anati nthawi ya mafunso ndi pobwerera, n'kuzimitsa maikolofoni. Pobwerera anaika nyimbo.

Zinandiwawa kwambiri, poti zinthuzi si zobisika. South Carolina itachoka mumgwirizano pa 20 December 1860, atsogoleri ake analemba okha zifukwa zawo, ndipo dandaulo lawo lalikulu linali loti zigawo zakumpoto zikukana kubweza akapolo othawa. A ku Mississippi analemba poyera kuti nkhani yawo yonse yagona pa ukapolo. Mu 1860 anthu pafupifupi 4 miliyoni anali katundu wa anzawo, ndipo thonje linkaposa theka la zonse zimene America inkagulitsa kunja. Munthu wodya ndalama zathu kuti atiphunzitse mbiri sanatchule ngakhale kamodzi pangano la Missouri la 1820, limene linadula mzere wonena pomwe ukapolo uzilekezera, kapena lamulo la Kansas-Nebraska la 1854 limene linafufuta mzerewo mpaka anthu anayamba kuphana ku Kansas. Pa mlandu wa Dred Scott wa 1857 anadutsa ngati akuponda makala amoto, pamene apa m'pomwe woweruza wamkulu Roger Taney anagamula kuti munthu wakuda sangakhale nzika ya America. Ndi mipingo yomwe inali itang'ambika kale pa nkhani yomweyi, a Methodist mu 1844, a Baptist mu 1845. Abale m'chikhulupiriro sanasiyane mgonero chifukwa cha misonkho.

Pofika ku Harpers Ferry n'kuti nditatsimikiza kale zopereka nyenyezi imodzi.

Kumeneko anatisiya m'manja mwa mayi ena achikulire amene kampaniyi imawalemba ganyu pagawo loyenda pansi. Iwo alibe maikolofoni, muyenera kuwayandikira kuti mumve. Anatitengera kaye pomwe mtsinje wa Shenandoah umathira mu Potomac, kenako ku kanyumba kanjerwa komwe kale ankasungiramo zozimitsira moto. Anatifotokozera za usiku wa pa 16 October 1859, pamene John Brown, mzungu wodana ndi ukapolo amene gulu lake linali la anthu 21, asanu mwa iwo akuda, analanda nyumba zosungiramo mfuti za boma poyembekeza kuti akapolo a m'minda yozungulira adzuka n'kumutsatira. Sanadzuke. Pa 18 October asilikali otsogozedwa ndi Robert E. Lee anathyola chitseko cha kanyumbako n'kumugwira atavulala.

Chimene ndinawalemekezera mayiwa n'choti sanamuyeretse John Brown. Anatiuza kuti mu May 1856 iye ndi anthu ake anatulutsa amuna asanu m'nyumba zawo usiku ku Pottawatomie, ku Kansas, n'kuwapha. Anatiuzanso kuti woyamba kufa ku Harpers Ferry anali Heyward Shepherd, munthu wakuda mfulu amene ankanyamula katundu pasiteshoni ya sitima. Koma sanabisenso kuti patangotsala masiku awiri kuti za ku Pottawatomie zichitike, phungu Preston Brooks wa ku South Carolina anamenya seneta Charles Sumner ndi ndodo m'nyumba ya malamulo momwe mpaka kukomoka, chifukwa cha zimene analankhula zotsutsa ukapolo, ndipo anthu akumwera anamutumizira Brooks ndodo zatsopano monga mphatso. Apa m'pomwe dziko linali litafika.

Kenako anayamba za Dangerfield Newby, ndipo gulu lonse linangoti zii. Newby anabadwira mu ukapolo, n'kudzakhala mfulu, koma mkazi wake Harriet ndi ana awo anatsalira m'manja mwa mwini akapolo ku Virginia. Anasonkhanitsa ndalama zoti awaombole, sizinatheke. M'thumba mwa mtembo wake anapezamo makalata a Harriet omuchonderera kuti abwere msanga asanamugulitse. Newby ndiye anayamba kuphedwa pa anthu a Brown, ndipo Harriet anamugulitsadi kumwera kwenikweni, ku Louisiana. Agogo amodzi aja anakhala pansi pakhonde n'kumalira, mdzukulu wawo atawagwira phewa. Bambo wa m'basi uja nthawi imeneyi anali pafoni.

Brown anapachikidwa ku Charles Town pa 2 December 1859. Kumpoto mabelu a matchalitchi analira momulira, ndipo akumwera atamva zimenezo anati anthu awa si abale athunso. Chaka chotsatira Abraham Lincoln anapambana chisankho cha pulezidenti dzina lake lisakupezeka n'komwe pamapepala ovotera m'zigawo zambiri zakumwera. Mayiwa anazilumikiza zonsezi bwinobwino mu ola limodzi lokha limene anapatsidwa. Nditawauza kuti ndine Mmalawi, kuti John Chilembwe anaphunzira ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia asanadzaukire atsamunda mu 1915, ndiponso kuti olemba mbiri amati nkhani ya John Brown inali m'mutu mwake, anatulutsa cholembera n'kulemba dzinalo padzanja, ati akafufuza.

Chifukwa cha iwo sindinganene kuti ndalama zanga zinapita m'madzi. Koma kampani isadzitame nazo. Ku Charles Town, komwe kunali papulogalamu, sitinapiteko, ati nthawi yatha, pomwe anatisiya mphindi zambirimbiri m'sitolo yogulitsa makapu ndi zipewa. Ndikuuzeninso kuti sitima yochokera ku siteshoni ya Union Station mu Washington imaima ku Harpers Ferry komweko, ndiye amene safuna kumva za misonkho m'basi njira ilipo. Nditaimba ku ofesi kukadandaula, mtsikana amene anayankha anandiuza kuti bamboyo ndi amene wakhalitsa pa onse ogwira ntchito kumeneko ndipo palibe anadandaulapo. Ndinamupempha kuti alembe kuti ine ndadandaula. Madola 20 amene ndinapempha kuti andibwezere chifukwa cha Charles Town sanabwere mpaka lero.