Masiki yolowera pansi pa madzi ya magalasi a maso: ndaigwiritsa ntchito miyezi 6, nayi ndemanga yanga

Ndakhala ndikuvala magalasi kuyambira ndili Fomu 2. Diso lamanja ndi -4.0, lamanzere -4.5, ndipo ndikawavula, kombi ya ku Mabvuku ndimaizindikira itaima kale pamaso panga. Ulendo wanga woyamba wolowa pansi pa madzi ndi silinda ya mpweya ku Chinhoyi Caves, mapanga a ku Zimbabwe, ndinavala masiki yobwereka. Anzanga anatuluka m'dziwe la m'mapangamo lotchedwa Sleeping Pool akusimba za miyala ndi kuwala kwa dzuwa kolowera pamwamba, ine nditangoona mtundu wabuluu wokhawokha. Chimene chinandiopsa n'chakuti ngakhale zizindikiro za manja za aphunzitsi athu ndinkaziona mwachimbuuzi.

Magalasi wamba salowa m'masiki, timiyendo take timatukula labala madzi n'kumalowa. Ma contact lens, timagalasi toika padiso penipeni, ndinawakana chifukwa pophunzira amakuvulitsa masiki uli pansi pa madzi, ndiye akhoza kukokoloka. Adokotala anga a maso anandichenjezanso za tizilombo ta m'madzi a m'mitsinje ndi m'madamu.

Ndinaitanitsa kuchokera ku Johannesburg masiki ya mawindo awiri, yomwe galasi lililonse limachotsedwa n'kuikapo la mphamvu ya diso lako. Magalasi okonzeratuwa amakwera ndi 0.5, choncho anga anapezeka ndendende. Ndisanaitanitse ndinayesa kaye ya mnzanga ya mtundu womwewo. Ndinaiika kumaso osamanga lamba, n'kukokera mpweya m'mphuno pang'ono, ndipo inamamatira osagwa. Musadumphe zimenezi chonde, chifukwa magalasi abwino pa masiki yodontha ndi ndalama zotaya.

Tsiku lomwe ndinatsika nayo koyamba sindidzaliiwala. Madzi a ku Chinhoyi ndi oyera mbee, amakhala pa madigiri 22 chaka chonse, ndipo ndinaona khoma la thanthwe likutsetsereka mpaka kumdima, thovu la anzanga likukwera limodzilimodzi. Pa mbali imeneyi ndilibe dandaulo. Labala yake ndi yofewa, siinandisiyire zipsera pamphuno, ndipo ine wa ndevu zapamlomo imangolowetsa timadzi pang'ono.

Koma pali vuto lomwe wogulitsa sanandiuze, ndipo anthu a msinkhu wanga alimve bwino. Ndili ndi zaka 47. Kumtunda ndikafuna kuwerenga foni ndimangokweza magalasi pamphumi. Pansi pa madzi masiki sungaikweze. Zakutali zinaoneka bwinobwino, koma manambala a geji ya mpweya ali m'manja mwangamu anasokonekera, mpaka kutambasula mkono wonse kuti ndione ngati ndayandikira 50 bar, mlingo wosonyeza kuti mpweya watsala pang'ono m'silinda. Madzi amakulitsa zinthu pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, koma kwa ine sizinakwanire. Ndinachita kugula timagalasi towerengera tomata m'munsi mwa windo, ndipo kamodzi kanamatuka pa ulendo wachitatu. Ndikanadziwa, ndikanalipira zambiri n'kudulitsa magalasi okhala ndi zonse ziwiri, zoonera patali ndi pafupi. Amene muli ndi astigmatism yambiri (vuto loona mwachimbuuzi chifukwa diso silinabulungike bwino) dziwaninso kuti okonzeratuwa saikonza, mufunika odulitsa motsata pepala la adokotala.

Nthunzi inandivutitsa masiku oyamba, koma pano ndimapaka malovu n'kutsukuluza, basi. China chaching'ono: masitepe otsikira kudziwelo ndi ambiri, ndiye magalasi anu a masiku onse muwasungire kabokosi kolimba pafupi ndi madzi. Ine ndinakwerapo nditavala masiki kumaso, silinda kumsana, kuopa kuphonya sitepe.

Ndaipatsa nyenyezi 4 pa 5, imodziyo ndachotsa chifukwa cha geji. Mu Disembala ndikupita nayo kumudzi, ndikaone nsomba za mbuna za ku Cape Maclear zomwe malemu agogo ankatisimbira tili ana.