Ndinati ya orijino, anandiikira yomasulira

Shopu ija yowotcha mafilimu pafupi ndi depoti, inali K500 filimu imodzi pa flash monga mwa masiku onse. Ndinapempha Shawshank Redemption ya 1994 ija ya Tim Robbins ndi Morgan Freeman, ndipo ndinanena kawiri konse kuti ndikufuna ya orijino osati yomasulira, mnyamatayo maso ali pa foni akungoti eya bwana eya bwana.

Kufika kunyumba ndi yomasulira. Ndinapirira ndithu mpaka pamalo penipeni pamene ndinagulira filimuyi. Andy, mkaidi amene akuseweredwa ndi Tim Robbins, wadzitsekera mu ofesi, waika mbale ya Mozart pa galamafoni, walumikiza ku zokuzira mawu za ndende yonse, akaidi pabwalo angoima chilili maso m'mwamba kumvera azimayi awiri akuimba Chitaliyana, palibe olo mmodzi akumva mawu ake koma aliyense wasiya chimene amachita. Ndiye DJ wake kulowa pompo kumabwebweta, kupereka moni kwa anzake, kutchula nambala yake ya foni, nyimbo yonse kuikwirira mpaka alonda kuthyola chitseko. Munthu anakhala masabata awiri mu selo ya yekha chifukwa cha nyimbo imeneyo, iwe nkumalengezapo bizinesi yako? Ndinazimitsa TV manja akunjenjemera.

Mwina wina ati ndikukokomeza. Achimwene anga anatisiya miyezi inayi yapitayo ndipo ndi iwowo amene anandionetsa filimuyi ndili ku sekondale, pamalo amenewa ankatiletsa ngakhale kutsokomola. Pamaliro sindinalire, ndinali kalikiliki ndi za bokosi, galimoto, ufa wa anthu, ndiye chinthu chija chinangokhala pachifuwa osatsika. Ndimafuna ndikhale ndekha ndimve nyimbo imeneyo basi.

Mawa lake ndinabwerera. Mnyamata uja kuyamba mwano, akuti anthu onse amakonda yomasulira, akuti mwina sindinanene bwino. Tinakangana anthu mpaka kutiunjirira. Koma nditamuuza chifukwa chake anangoti zii, nkufufuza mu kompyuta mwake mpaka kuipeza ya orijino, osandilipiritsanso. Kenako akuti poti mumakonda nyimbo za kundende ndakuikiraninso iyi, inali alubamu ya Zomba Prison Project, ija anajambula Ian Brennan, wojambula nyimbo wa ku America, mkati mwa ndende ya Zomba mu 2013 nkufika popikisana nawo pa ma Grammy mu 2016. Apa ndimuyamikire, sindinamupemphe.

Usiku umenewo ndinaonera yonse. Chodabwitsa misozi sinabwere pa Mozart paja ayi, inabwera pamene Red, mkaidi mnzake wa Andy, wapatsidwa harmonica ngati mphatso, usiku mu selo akuigwira akuiyang'ana, nkungoiuzira kamodzi pang'onopang'ono nkusiya, ngati akuopa zimene ingamudzutsire mumtima. Ndi mmene ndakhalira ine ndi gitala ya achimwene, ili pakona kuchipinda sindinaikhudzebe. Nditatha ndinaika za ku Zomba zija, gitala imodzi ndi mawu osasalala, azibambo ndi azimayi akuimba zowawa zawo m'chilankhulo chathu chomwechi, apa ndiye ndinalira mpaka mayi a kunyumba kudzuka kudzakhala nane.

Shopuyi ndikuipatsa nyenyezi zitatu. Mwano uja ndi transipoti yanga ya maulendo awiri sindinaiwale. Ndidzapitanso, koma azitsegula filimuyo pa kompyuta ine ndili pompo ndimve ndekha kuti mulibe DJ.