Miyezi 14 ndi kamera yogulidwa kwa munthu: nkhani ya madontho a pa sensa

Chandibwezera pa nkhani ya kamera imeneyi ndi lisiti lomwe ndalandira sabata yatha kwa katswiri wotsuka masensa (sensa ndi kachipangizo ka m'kati mwa kamera komwe kamalandira kuwala n'kupanga chithunzi), popeza aka n'kachiwiri kulipira ntchito yomweyi m'miyezi 14 yokha. Kamerayi ndi DSLR, mtundu wa kamera yosintha malenzi, yokhala ndi sensa ya saizi yotchedwa APS-C, ndinaigula itagwirapo kale ntchito, ndipo inabwera ndi lenzi ya 18-55mm.

Pa zomwe zimayenda bwino sindichulutsa gaga m'diwa. Batire imakhalitsa, autofocus, yomwe imasintha lenzi yokha kuti chojambulidwa chioneke chakuthwa, imagwira msanga kukakhala kowala, ndipo zithunzi za ISO 1600 (ISO imakwezedwa kuti chithunzi chiwale kukakhala mdima) zimaonekabe bwino, ngakhale kuti kupitirira pamenepo malo amdima amayamba kuoneka ngati athiridwa mchenga. Histogram, tchati choonetsa kuchuluka kwa malo owala ndi amdima pa chithunzi, ndimaidalira kuposa maso anga, chifukwa ikaunjikana kumapeto kwenikweni kwa dzanja lamanja ndimadziwa kuti malo oyera apsa, kutanthauza kuti awala mopyola muyeso, ndipo akapseratu ngakhale RAW, fayilo yosunga zonse zomwe sensa yajambula, singawabweze.

Chomwe chandisowetsa mtendere ndi madontho akuda omwe amatuluka pamalo amodzimodzi pa chithunzi chilichonse. Miyezi itatu yoyamba sindinawaone n'komwe, chifukwa ndinkajambula kwambiri anthu, ndipo aperture, lomwe ndi bowo lolowetsa kuwala m'kati mwa lenzi, ndinkaisiya pa f/4 kapena f/5.6. Tsiku lina madzulo ndinafuna kujambula mathithi kuti madzi aoneke osalala ngati nsalu. Zimenezi zimafuna kuti shutter, kachitseko kolola kuwala kufika pa sensa, ikhale yotseguka nthawi yaitali, pafupifupi theka la sekondi, choncho ndinaimika kamera pa tripod (choimikira cha miyendo itatu), ndinatsitsa ISO kufika pa 100, kenako ndinachepetsa bowo lija mpaka f/22. Nditatsegula zithunzizo pa kompyuta, thambo lonse linali ndi timadontho ngati ntchentche zatera pa galasi. Ndinapukuta lenzi, ndinabwereka lenzi ina, koma madonthowo sanasunthe ngakhale pang'ono.

Vuto limeneli ndi lomwe linandiphunzitsa tanthauzo lenileni la manambala a f. Nambala ikamakula bowo limachepa, ndipo kuchoka pa f/8 kupita pa f/11 kuwala kolowa kumachepa ndi theka, kufika pa f/16 kumachepanso ndi theka, chimodzimodzinso pa f/22. Litsiro limakhala pa kagalasi kotchinga sensa, osati pa sensa penipeni. Bowo likakhala lalikulu kuwala kumafika kuchokera mbali zambiri ndipo mthunzi wa litsirolo umamwazika osaoneka, pomwe likakhala laling'ono kuwala kumabwera molunjika ndipo mthunziwo umaoneka bwinobwino. Chinandidabwitsanso n'chakuti dontho looneka kumtunda kwa chithunzi limakhala kumunsi kwa sensa, chifukwa lenzi imatembenuza chithunzi.

Ndinayesa kuuzira ndi kapampu ka mpweya, koma sizinaphule kanthu. Katswiri uja anandiuza kuti si fumbi ayi, ndi timafuta tochokera m'zipangizo za m'kati, ndipo timachoka pokhapokha tikapukutidwa ndi mankhwala ake. Anatsukadi bwino, koma patangopita miyezi isanu madontho anabwerera pakona yomweyo.

Apa mpamene nkhani ya wogulitsa ikubwera. Iye anandiuza kuti shutter inali isanajambule zithunzi zoposa 10,000, koma nditafufuza mu EXIF, uthenga wobisika m'fayilo ya chithunzi, pomwe kamerayi imasunga chiwerengero chimenecho, ndinapeza kuti inali itapitirira 60,000, pamene makamera ambiri a msinkhu umenewu amayembekezeka kufika pafupifupi 100,000. Nditamufunsa, poyamba anati vuto ndi ine chifukwa chosintha malenzi pafumbi. Nditamutumizira chithunzi cha pepala loyera chojambulidwa pa f/22 pamodzi ndi chiwerengero chija, anafewa n'kulipira theka la mtengo wotsuka koyamba. Ulendo wachiwiriwu uthenga wanga akungouwerenga osayankha.

Kunena zoona, maganizo anga pa kamerayi amasinthasintha. Ndikajambula nkhope pa f/5.6 kuwala kuli bwino, ndimaiwala zonsezi ndipo ndimaona kuti ndinatola nkhwangwa ndi mpini womwe. Ndikayang'ana malisiti awiriwa, ndimaona kuti ndalama yomwe ndinkati ndapulumutsa posagula yatsopano ikutha pang'onopang'ono m'manja mwa wotsuka.

Pakadali pano ndagula fyuluta ya ND yochepetsa kuwala ndi masitopu atatu (sitopu iliyonse imachepetsa kuwala ndi theka), kotero kuti madzi osalala aja ndimawapeza pa f/8 m'malo mwa f/22, nthawi yomwe shutter imakhala yotseguka ili yomweyo. Madontho saoneka kwenikweni, ndipo zithunzi zimatuluka zakuthwa kuposa kale, popeza bowo likachepetsetsa kwambiri chithunzi chimafewa. Mtengo wa fyulutayo ndauwonjezera pa uthenga womwe wogulitsa uja sanayankhebe.